Malaya a Bambo pa Tsiku Lotsegulira Chinsanja

Bambo anga anali ozokota ziliza ku Biwi. Shedi yawo inali kuseri kwa amakaniko, pamalo pomwe dothi linada ndi oyilo. Ukamapita kumeneko unkayamba wadutsa magalimoto opanda matayala, kenako owotcherera mageti, ndiye n'kuyamba kumva kulira kwa tchizulo pamwala. Ankagwira ntchito ndi mng'ono wawo, amene ife tinkawatchula kuti bambo aang'ono. Anachita kukawatenga kwathu ku Dedza ali mnyamata n'kuwaphunzitsa zonse, kusakaniza simenti ndi timiyala popanga terazo, kupukuta mwala mpaka uwale, kujambula zilembo ndi pensulo usanazidule. Koma dzina la malemu bambo ankadula okha. Bambo aang'ono anafika pomera imvi akupatsidwabe masiku obadwa ndi omwalira, ndi kavesi ka m'munsi.

Ntchito yomanga chinsanja inayamba ine ndili m'chaka changa choyamba cha uphunzitsi. Dzina loti chinsanja tinapereka ndife anthu wamba. A boma anali ndi dzina lawo lalitali, lomwe linadzasinthanso pambuyo pake. Pawailesi ankati idzakhala nyumba yaitali kuposa ina iliyonse m'dziko muno, ndipo kuti alendo akadzaiona adzadziwa kuti nafenso tadzuka. Chisankho chinali pafupi, choncho nkhaniyo inkanenedwa m'mawa, masana ndi madzulo.

Tsiku lina kunabwera bwana wina wa ku unduna. Anati anaona chiliza chomwe bambo analembera malemu mayi ake, ndipo ankafuna dzanja lomwelo pa mwala wa maziko. Bambo anatha masabata angapo pa mwala umenewo. Unali wakuda bii, zilembo zake anazipaka penti wagolide ndi kaburashi kakang'ono. Mayi anawagulira malaya atsopano m'sitolo, osati a pakaunjika, a mtundu womwe aliyense ankavala pa zochitika za boma masiku amenewo. Unali mtundu wa chipani cholamula. Sindiutchula pano, chifukwa chipani chilichonse chikanatha kuchita zomwe ndikufotokozazi.

Bambo sanali munthu wa ndale. Ankavota m'mamawa n'kubwerera kushedi osauza aliyense komwe achonga. Koma atabwera ku mwambo woika mwalawo anali ngati mwana. Anatifotokozera mmene mtsogoleri anakokera kansalu, mmene anthu anaombera m'manja, ndi mmene bwana uja anawagwirira paphewa n'kunena kuti tsiku lotsegulira adzakhala kutsogolo.

“Miyala yanga yonse anthu amaiwerenga akulira,” anatero akuvula nsapato pakhonde. “Uwu wokha ndi umene ndauona anthu akuuwerenga akumwetulira.”

Mayi anachapa malaya aja, kuwasita, n'kuwaika pansi penipeni pa sutikesi.

Chisankho chinachitika ndipo boma linasintha. Olowa kumene anati ntchito ya chinsanja inali yongowonongera chuma cha dziko, ndipo kuti aifufuza kaye. Makina onyamulira katundu anapasulidwa n'kuchotsedwa. Nyumbayo inali itakwera kale nsanjika zingapo, ndiye inangotsala choncho, mizati ya simenti yokhayokha ndi zitsulo zoloza kumwamba. Malata a mpanda anachita dzimbiri, udzu unamera mpaka m'masitepe, akhwangwala n'kupezapo pogona. Zaka zinadutsa. Ine ndinakwatiwa n'kusamukira ku Kawale, ndinabereka ana awiri. Mayi anadwala miyezi itatu n'kutisiya. Maso a bambo anayamba kuchita ng'ala, ndipo fumbi la miyala linawasiyira chifuwa chosamva mankhwala.

Chaka chilichonse mvula ikatha, bambo ankasankha Lamulungu limodzi, akatuluka m'tchalitchi n'kukwera minibasi ziwiri kupita kuchinsanja. Mlonda wa kumeneko ankawadziwa ndipo ankawatsegulira. Ankazula udzu kuzungulira mwala, kuupukuta ndi kasanza, n'kubwerako. Ine ndinkawaseka. Ndinkati akusamala chiliza cha nyumba yomwe inafa isanabadwe. Iwo ankangoti ntchito ya munthu ndi ya munthu.

Kenako chisankho china chinayandikira, ndipo mwadzidzidzi makina anabwerera. Boma lomwe lija linkati ntchitoyo ndi yowononga linayamba kunena kuti ndi chizindikiro cha chitukuko. Anasintha mapulani, anawonjezera nsanjika zina pamwamba, n'kuikaponso chitsulo chachitali kunsonga kuti pasadzapezeke wonena kuti kutalikako kunaganizidwa ndi anzawo aja. Ndikamayanika zovala ku Kawale ndinkachiona chikukwera mwezi ndi mwezi, mpaka anachiveka magalasi. Mlonda uja anachotsedwa, pageti panabwera ena osawadziwa bambo.

Loweruka lina ndinapita kushedi kukawapatsira mankhwala a m'maso. Ndili pomwepo panaima galimoto, n'kutsika bwana wina, osati woyamba uja. Anali wachinyamata, waulemu ndithu. Anapereka moni kwa tonse, kenako anatulutsa pepala n'kunena kuti akufuna mwala wa tsiku lotsegulira. Bambo analiyandikiza kumaso, kulitalikitsa, n'kundipatsa ine.

“Tawerenga, mwana wanga. Zilembo za makinazi zimachepa.”

Ndinawerenga mokweza. Pepalalo linkati nyumbayi inayambidwa ndi kumalizidwa pansi pa utsogoleri wa amene ankalamula nthawi imeneyo.

“Nanga mwala uja?” bambo anafunsa.

“Uti, madala?”

“Wa maziko. Wakuda, uli chakumanja ukamalowa.”

“Aa, umenewo unachotsedwa. Unkatchinga polowera magalimoto.”

“Uli kuti?”

Bwanayo anayang'ana foni yake. “Sindingadziwe bwino. Mwina anyamata a kontilakita anauswa.”

Bambo anapukuta manja pa ovolosi ngakhale analibe kanthu.

“Ine ndalembapo zambiri zokayikitsa pamiyala,” anatero. “Ndalembapo kuti wokondedwa ndi onse pamanda a anthu oti ngakhale galu wawo ankawathawa. Koma amenewo ndi maliro, timakhululukirana. Apa ndinalipo ndekha, ndinaona ndi maso anga amene anayamba. Chotsani liwu limodzi lokhali, loti inayambidwa, mwalawo ndikulemberani bwinobwino.”

“Mawuwa achokera kumwamba, madala. Ine sindingasinthe ngakhale kadontho.”

“Ndiye pepani, bwana.”

Ndinabweza pepala. Bwanayo anatsanzika mwaulemu womwe uja. Bambo aang'ono, amene nthawi yonseyi ankapukuta chiliza pakona osayankhula, anaika pansi chopukutira n'kumutsatira. Tinawaona atawerama pawindo la galimoto. Atabwerako, pepala lija linkaonekera m'thumba la malaya awo.

“Achimwene,” anatero asanafunsidwe, “mwala si Baibulo. Tikakana ife alemba ena, mwinanso moipa.”

“Alembe enawo.”

“Ine ndakalamba ndikulemba manambala. Mundilole ndilembeko dzina kamodzi.”

Bambo sanakweze mawu. “Lemba,” anatero. “Koma osati muno.”

Mawa lake bambo aang'ono anasonkhanitsa zida zawo n'kukapempha malo kwa mnzawo ku Mchesi. Ine ndinali mbali ya bambo, ndipo kwa masabata angapo sindinkawayankha bambo aang'ono akandiimbira. Koma pali chinthu chomwe ndinkachidziwa ndipo sindinkafuna kuchiganizira. Kwa chaka chathunthu bambo aang'ono ankatsalira madzulo kuwongola mwakachetechete zilembo zomwe bambo anapotoza chifukwa cha maso. Mwala watsopano wa bomawo bambo sakanatha kuulemba okha. Mpaka lero sindidziwa kuti pa kukana kwawo, chilungamo chinali chochuluka bwanji ndipo mantha oti dzanja lawo lionekera poyera anali ochuluka bwanji. Mwina iwonso sankadziwa.

Tsiku lotsegulira linalengezedwa. Galimoto za zimkuzamawu zinkazungulira m'makwalala a Kawale ndi Biwi kuitana anthu, ndipo kusukulu tinauzidwa kuti tsikulo kulibe maphunziro. Bambo aang'ono analandira khadi yowaitana. Bambo sanalandire kanthu, koma anandiuza kuti ndidzawaperekeze.

“Ndinalonjezedwa,” anatero.

“Amene anakulonjezaniyo anachoka kalekale, bambo. Sitikudziwanso komwe ali.”

“Sindikupita kwa munthu ine. Ndikupita kukaona nyumba.”

Ndinafika ku Biwi m'mawa dzuwa litayamba kale kuwotcha, pakuti inali nyengo yotentha mvula isanagwe. Ndinawapeza atavala kale, atakhala pampando pakhonde, nsapato zopolishidwa, tayi, jekete yawo ya kutchalitchi. Mkati mwa jeketeyo munali malaya aja. Mizere ya kupindidwa kwa zaka zonsezo inkaonekabe, ndipo ankanunkhira sutikesi ya mayi. Mtundu wake ndinauona nthawi yomweyo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, koma iwo anayamba ndiwo.

“Amako ankadziwa kusankha nsalu. Taona, sanasuluke n'komwe.”

M'malo mowauza, ndinawamanga mabatani onse a jekete n'kukonza tayi kuti iphimbe pachifuwa. Ndinadziuza kuti kolala yokha palibe angaione, ndiponso kuti nkhalamba yotere palibe angalimbane nayo.

Tinakwera minibasi mpaka m'tauni, n'kukweranso ina. Isanafike inatitsitsa chifukwa msewu unali wotsekedwa, ndipo mtunda wotsalawo tinayenda wapansi, ine nditawagwira pamkono. Malole odzaza amayi ovala nsalu za chipani ankatidutsa akuimba, fumbi lili koboo. Bambo ankaima pafupipafupi kutsokomola. Pageti panali mzere wa anthu a masuti ndi madiresi onyezimira, aliyense khadi m'manja. Titafika ife, mlonda anatambasula dzanja.

“Khadi, madala.”

“Ndine amene ndinalemba mwala woyamba wa nyumbayi,” bambo anatero.

“Chabwino, koma khadi.”

Anthu a kumbuyo kwathu anayamba kung'ung'udza. Ndinawakoka bambo pang'onopang'ono, tinakaima kumpanda wa waya pamodzi ndi khamu la anthu ena opanda makhadi. Panalibe mthunzi. Mitengo yomwe inali pamenepo kale anaidula pokonza poimika magalimoto.

“Tandiuza zomwe ukuona,” anatero.

Ndinawauza za matenti oyera, mipando yovekedwa nsalu, mbendera, kapeti yofiira yochokera pamsewu mpaka pakhomo, ndi riboni yomangidwa pakati pa mizati iwiri. Ndinawauza kuti chakumanzere kwa khomo kuli kansalu kophimba mwala watsopano. Za nyumbayo ndinasowa mawu. Inali yokongola, zimenezo sindingakane. Magalasi ake ankaonetsa mitambo, ndipo ukaiyang'ana kwambiri inkakhala ngati ikukugwera. Bambo anapendeketsa mutu chagada, dzanja pachipumi, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

“Ndikungoona kuwala,” anatero. “Ngati malata atsopano.”

Zoyankhula zinayamba mochedwa ndipo zinatalika. Aliyense woimirira ankayamba ndi kutchula maudindo a anthu onse okhala kutsogolo. M'busa anapemphera, amayi anavina, kenako nduna ina inagwira chimkuzamawu. Inati iwo polowa m'boma anapeza pamalopo pali dzenje lokhalokha lodzaza achule, ndipo kuti anzawo aja ankadziwa kuika miyala basi, kumanga ayi. Anthu anaseka n'kuomba m'manja. Inati kuyambira lero aliyense wofunsa zomwe boma lachita azingomulozera kumwamba, ndipo pa tsiku lovota anthu adzakumbukire amene anawakweza pamenepo.

“Sanapeze dzenje,” bambo ananena chapansipansi. “Masitepe ndinkakwera ine ndekha.”

“Tsitsani mawu, bambo.”

Dzuwa linafika pamutu. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo ndipo chifuwa chinawagwira mwamphamvu mpaka anagwira waya. Ndinawauza kuti asasunthe, ndikagule madzi kwa mayi wina amene anali ndi chidebe chapatali pang'ono. Panali anthu ambiri ogula. Sindikhulupirira kuti ndinatha mphindi zambiri, koma nditabwerera ndinapeza atavula jekete, ataikoleka pamkono, malaya aja ali poyera pakati pa khamu lonse lovala mtundu wina.

Anyamata anayi anali atafika kale. Anali odzipaka penti kumaso ndi pachifuwa, ndipo mmodzi ankanunkha kachasu.

“Madala, mwabwera kudzatinyoza eti?”

Bambo anatembenukira komwe kunkachokera mawuwo. “Ndabwera kudzaona nyumba, ana anga.”

“Ndi malaya amenewa? Akutumani ndani?”

Ndinalowa pakati. Ndinati ndi bambo anga, saona bwino, malayawo ndi akalekale, sakudziwa kanthu za mitundu. Ndinati tikuchoka pompano. Ndinagwada ndithu, ine mphunzitsi, pafumbi, botolo la madzi lili m'manja.

“Anti, inu khalani chete. Avule basi, nkhani ithe.”

Anthu otizungulira anasuntha n'kutisiyira bwalo. Ena anatulutsa mafoni. Alonda a pageti anayang'ana kumbali. Mnyamata mmodzi anagwira kolala, ndipo bambo anakweza dzanja.

“Musandigwire. Ndivula ndekha.”

Anandipatsa jekete. Anamasula tayi n'kundipatsanso. Kenako anayamba mabatani, limodzilimodzi, kuchokera pakhosi, zala zawo zokhakhala zija zikuvutika ndi timabowo. Mkati sanavale vesiti chifukwa cha kutentha. Chikulireni ndinali ndisanaonepo bambo anga ali chifuwa pamtunda, ndipo kwathu mwana wamkazi sayenera kuona zotero. Ndinaona nthiti, ndi tsitsi loyera pachifuwa, n'kugwetsa nkhope. Anawapinda malayawo kawiri monga ankachitira mayi, n'kuwapereka. Mnyamatayo anawaponya pansi n'kuwaponda, anzake akuseka.

Nthawi yomweyo ng'oma zinalira mkati mwa mpanda, nthungululu zili ponseponse. Riboni inali itadulidwa. Anyamata aja anathamangira kugeti akuimba, khamu linawatsatira, ndipo malaya aja anapita ndi mapazi a anthu.

Ndikudzuka pomwe ndinagwada, ndinawaona bambo aang'ono. Anali mkati, kumbuyo kwenikweni kwa tenti, ataimirira padzuwa mu suti yowakulira. Ankayang'ana kwa ife. Anayenda mapazi awiri kulunjika kumpanda, n'kuima. Wolengeza anati tsopano mtsogoleri avundukula mwala, anthu onse a m'tenti anaimirira, ndipo sindinawaonenso.

Amene anatithandiza anali mayi wina wa gulu lovina lomwelo, wovala nsalu ya chipani kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anatenga jekete m'manja mwanga, pakuti ine ndinangoti kakasi, n'kuwaveka bambo ngati akuveka mwana. Anawamanga mabatani, anatsegula botolo lija n'kuwamwetsa.

“Pepani, abambo,” anatero. “Ana amenewa si onse ali ndi makolo.”

Ndinafuna kukafunafuna malaya aja. Bambo anandigwira dzanja.

“Asiye. Tiye kunyumba.”

Mu minibasi anakhala pawindo, dzanja limodzi litagwira jekete pakhosi kuti pachifuwa pasaoneke. Tayi inali m'chikwama changa. Wailesi ya dalaivala inkaulutsa mwambo womwewo, ndipo anthu ankatsutsana, ena akuti nyumbayo ndi ulemu wa dziko, ena akuti sadzadya magalasi. Bambo anayankhula kawiri kokha ulendo wonsewo. Koyamba anati ndisawauze ana anga. Kachiwiri, titayandikira ku Biwi, anafunsa ngati mwala watsopano uja ndinauona. Ndinati unali kutali.

Kuchokera tsiku limenelo sanapitenso kushedi. Ankati chifuwa, ndipo chifuwacho chinalipodi, koma ngakhale kutchalitchi, komwe ndi pafupi, anasiya. Wina anali atawauza kuti kanema wa zomwe zinachitika akuyenda m'mafoni. Ankakhala m'nyumba chitseko chili chotseka, iwo amene moyo wawo wonse ankakhala pakhonde kupatsa moni aliyense wodutsa. Ndinkapita ndikaweruka kusukulu kukawaphikira. Tsiku lina ndikuwapatsa tiyi ndinalephera kupirira.

“Bambo, mtundu wa malaya aja ndinauona m'mawa muja. Ndinayenera kukuuzani.”

Anapemerera tiyi. “Ukuganiza kuti sindinkaudziwa? Maso ndiwo anafa, mutu ulipo.”

“Nanga munavaliranji?”

“Amako anawasungira tsiku limenelo. Ndinati ndipite nawo.” Anamwa pang'ono. “Jekete ija ndikanapirira nayo. Kunangotentha.”

Sindidziwa ngati ananena zoona kapena ankafuna kundipeputsa mtima. Bambo ankatha zonse ziwiri.

Bambo aang'ono anabwera patatha masabata atatu, ine ndilipo. Anaodira panja ngati mlendo, anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, chipewa pabondo. Atapatsana moni, bambo aang'ono anayamba.

“Achimwene, tsiku lija…”

“Mwala uja unadula mozama bwanji?” bambo anawadula.

Bambo aang'ono anaonetsa ndi chikhadabo, kenako pokumbukira kuti bambo saona, anatenga chala chawo n'kuchigunditsa pomwe ankatanthauza.

“N'zochepa. Mwala wa panja umafuna kupitirira apo. Penti unapaka kangati?”

“Kawiri.”

“Katatu. Ndinakuuza kangati zimenezi?”

Anakambirana za miyala mpaka tiyi anazizira, za terazo wa masiku ano amene sachedwa kusweka, za kasitomala wina wa ku Area 23 amene chiliza chake chinatsala chosamaliza. Bambo anati akachimalize ndiwo, kiyi wa shedi ali pamsomali. Nkhani ija sanaibwererenso. Ndikuwaperekeza, bambo aang'ono anaima pampanda wa maluwa n'kundiuza osandiyang'ana kuti kumwambo kuja sanawapatse mpando, ndipo dzina lawo silinatchulidwe paliponse.

“Ndinaona zonse,” anatero. “Miyendo inakana.”

Ndinali ndisanakonzeke kuwakhululukira, komanso ndinalibe mphamvu yowadzudzula, ine amene ndinamanga mabatani a jekete m'mawa muja.

Mvula yoyamba itagwa, bambo anati akufuna kupita kumudzi, kwa mlongo wawo ku Dedza. Anati mpweya wa kumeneko ndi wabwino pachifuwa. Ndinawapempha kuti abwere kudzakhala nafe ku Kawale, koma anati m'tauni muno akhalamo mokwanira. Anakhalamo zaka zoposa zanga, ndipo katundu amene anasankha kunyamula anakwana m'sutikesi ya mayi ija ndi chikwama chimodzi.

Ndinawaperekeza kudepoti m'mawa wa Lachiwiri. Bambo aang'ono anali atanena kuti abwera, ndipo bambo anakana basi yoyamba ponena kuti yadzaza kwambiri, chonsecho munali malo. Yachiwiri anakwera. Ndinawapezera mpando wa pawindo n'kumuuza kondakitala pomwe adzawatsitse. Basi ikudzaza, ankatembenukira kukhomo aliyense akamalowa. Itayamba kuyenda anatulutsa dzanja pawindo n'kundigwira pamutu, monga ankachitira ndili wamng'ono.

Bambo aang'ono anafika basi itangokhota. Anatsika pa kabaza akupuma mwabefu, m'manja muli jumbo ya buledi, shuga ndi botolo la mankhwala a chifuwa. Anati anachedwa pamzere kufamase. Tinaima pamenepo anthu akutigunda ndi katundu, oitanira akukuwa mayina a malo. Kenako tinayamba kuyenda wapansi kubwerera, iwo kutsogolo ine pambuyo, kudutsa ogulitsa makala ndi okhoma mabokosi ku Mchesi. Pamphambano pomwe njira ya ku Biwi imasiyana ndi ya ku Kawale anandipatsa jumbo ija.

“Kawapatse ana.”

Ndinalandira ndi manja awiri.

Chisankho chinabwera n'kupita. Chinsanja chilipo, ndipo amene amalowamo amati nsanjika zambiri zam'mwamba zilibe anthu mpaka pano. Ine sindinalowemo.

Bambo anakhala kumudzi nyengo imodzi yokha ya dzinja. Chimanga chitayamba kuuma, azakhali anaimba foni kuti chifuwa chafika poipa. Ine ndinali pakati pa mayeso a ana ndipo ndinati ndinyamuka Lachisanu. Bambo aang'ono anatseka shedi tsiku lomwelo n'kukwera basi. Ndiwo amene anawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwamwetsa phala masiku anayi omaliza. Ine ndinafika Lachisanu masana, n'kupeza amayi a m'mudzi atayamba kale kusonkhana pabwalo.

Azakhali anandiuza kuti abale awiriwo ankacheza kwambiri masiku amenewo, nthawi zina mpaka kuseka, ndipo iwo akalowa ankasiya. Bambo aang'ono akugwirabe ntchito mu shedi ija ku Biwi, ndipo ndimawaona pafupifupi mwezi uliwonse. Zomwe anakambirana ndi bambo sindinawafunse, ndipo iwo sanandiuze.